Ankhoswe a Timagalimoto

Uthenga unandipeza m'basi, ine, m'basi yochokera ku msika wa Rotherham, nditakhala kumbuyo kwa dalaivala, thumba la kabichi ndi anyezi lili pamiyendo. Foni inalira m'jekete. Zala zinali zitauma ndi kuzizira, ndiye ndinavutika kuitulutsa, ndipo nditaiika kukhutu ndinamva mdzukulu wanga akupuma ngati munthu amene wathamanga.

"Akazi anga, mwakhala pansi?"

Ndi mmene timaitanirana kuyambira ali kamwana. Iye amuna anga, ine akazi ake, nthabwala za agogo ndi mdzukulu.

"Ndakhala, amuna anga. Nenani msanga, akugwirani?"

"Ayi agogo, anditenga! Ntchito ija anditenga. Mapepala andikonzera okha. Sindibwerera kumudzi."

Inu amayi, inu amayi! Nthungululu inatuluka yokha, sindinaiitane. Dalaivala anaponda buleki, kabichi gubudu gubudu mpaka pakhomo, mayi wina wachizungu nandigwira paphewa, "Olaiti, lavu?" Ankayesa ndamva za maliro. Ine ndinaimirira m'basi momwemo, ndodo m'mwamba, ndikuimba zimene zinabwera pakamwa:

Wakhala mwana, wakhala,
ndege ipite yokha, wakhala.

Mnyamata ameneyu ndi wa mwana wanga woyamba wamkazi, amene anatisiya iye akukwawa. Ndinamulera ku Lizulu ndi tomato ndi kachewere wogulitsa pamsewu. Mutu wake unali wa makina. Wailesi yanga anaimasula ali Sitandade 4, ndipo inalankhulanso. Sukulu inamutenga mpaka ku Manchester. Ine ndinabwera pambuyo, atandiitana mwana wanga wotsiriza, amene amagwira ntchito kunyumba yosamalira okalamba, kuti ndidzamuthandize khanda. Shuga anandigwira konkuno, miyendo inatupa, ndipo tinapempha kuti ndikhale. Pasipoti yanga inapita ku ofesi, yankho silinabwere. Wopempha satuluka m'dziko. Ukatuluka, wadzitsekera wekha chitseko. Mnyamatayo naye mapepala ake a sukulu anali kutha, ndipo akanapanda kupeza omulemba ntchito akanakwera ndege. Ndi chifukwa chake ndinaimitsa basi.

Loweruka anabwera pa sitima ya pamtunda, natifotokozera patebulo, ine ndi amake aang'ono. Kampaniyo, anati, si imodzi, ndi ziwiri. Kuno kwathu, chakufupi ndi Sheffield, kunali banja lina la azungu limene kuyambira makolo awo limapanga timagalimoto ta mipando iwiri, tothamanga, topanda denga, tokhomedwa ndi manja. Luso anali nalo, dzina anali nalo, koma injini zawo zinakalamba, malamulo a utsi nazikana, ndipo ankafuna kutseka. Tsidya la nyanja, kumene sitima za ku Hull zimakakocheza, kunali kampani yaikulu ya injini zabwino, koma galimoto zake zinali zonyamulira ana ku sukulu, palibe mnyamata ankatembenuka kuziyang'ana. Ndiye anagwirizana. Inu injini, ife thupi. Injini ziziwoloka nyanja, zizikwera malole, zizilowa m'thupi kuno, galimoto ikagulidwa azigawana.

"Ndiye ndi ukwati," ndinatero.

"Ayi agogo, ndi bizinesi."

"Wina wabwera ndi nyumba, wina wabwera ndi chakudya, abereka mwana. Ku Manchester kwanuko mumati chiyani zimenezo? Ankhoswe awo ndani?"

Amake aang'ono anaseka mpaka kutsamwa tiyi.

"Nanga mipando iwiri yokha, apongozi akhala pati?"

"Amagula ndi anthu othawa apongozi, akazi anga."

Anasamuka ku Manchester, nabwera kudzakhala nafe, m'kachipinda ka pamwamba. Ee, zaka zimenezo, zaka zokoma zimenezo! M'mawa ndinkamva nsapato zake zolemera zikutsika masitepe, madzulo ndinkamva kiyi wake pachitseko. Jakisoni wa shuga ankandibaya ndi iyeyo, akundinyoza kuti mkazi wamantha ngati ine sanamuonepo. Ntchito yake inali ya mawaya, pamene injini ya uko imakumana ndi thupi la kuno. Mawaya a uko ndi a kuno ankakanana, iye ndiye ankawamvanitsa. Nthawi zina ankamutuma tsidya lina, kukwera sitima ku Hull, kukagona pamadzi, nabwera ndi tchizi chonunkha ndi mawu a chilankhulo chawo otuluka pakhosi ngati munthu watsamwa munga wa nsomba.

Nthawi yotentha ankaitana mabanja a antchito ku fakitale. Ndinapita, nditamanga duku wanga wabuluu. Ndinaona timagalimoto tili ndandanda, tofiira, tachikasu, tobiriwira, tafupi ngati tagwada. Ndinaona amayi akusoka zikopa za mipando ndi singano zokhota. Mwini wake wa kuno, nkhalamba yaitali ya tsitsi loyera, anamulola mnyamata wanga kuti andizungulitse pabwalo la kuseri. Kulowa m'menemo kunali ngati kukhala m'beseni, mawondo kufika pachibwano. Atangoponda, mtima unatsala kumbuyo, duku nauluka. Ndinakuwa, ndinaseka, ndinatchula Yesu, ndinati bwerezanso. Titaima, nkhalamba ija inali itatola duku wanga, nkundipatsa ndi manja awiri ngati munthu woleredwa. Kenaka iyo ndi bwana wa tsidya lina anagwira mpeni umodzi, dzanja pamwamba pa dzanja, nadula keke yooneka ngati galimoto.

Ndinamutsina mnyamata wanga. "Bizinesi imeneyo?"

Zinayamba kuzizira pang'onopang'ono, chaka chija azungu anaponya mavoti oti asiyane ndi anzawo a tsidya lina. Ine za mavotiwo sindinazimve bwino, ndinangoona nyumba yathu. Lachisanu mnyamata anayamba kukhala pakhomo, akuti fakitale sikutsegula. Ndiwo ankasiya m'mbale. Sitima ya ku Hull anasiya kukwera. Tsiku la mabanja chaka chotsatira kunalibe keke, a tsidya lina anaima paokha pafupi ndi geti atavala makhoti, ngati anthu odikira minibasi. Chaka chinacho sanatiitane n'komwe.

Tsiku lina akundibaya jakisoni ndinamugwira dzanja. "Nena."

Ananena. Ndalama ya kuno inagwa, injini zinakwera mtengo. A uko ankaopa msonkho wa pamalire umene unkamveka kuti ukubwera. Timagalimoto tinali kungonyowa ndi mvula pabwalo, ogula achepa. Ndipo ku kampani yaikulu ija kunalowa bwana watsopano amene sankaidziwa nkhalamba, sanagwirepo nayo mpeni.

"Akuti aliyense atenge zake, agogo."

"Nanga iwe ndiwe wa ndani?"

"Mapepala anga amangidwa pa fakitale. Ikatseka andipatsa masabata ochepa. Ndipeze ena ondilemba, kapena ndinyamuke."

Anafunsira ku Sheffield, anafunsira ku Manchester, anafunsira kwina kumene sindingathe kukutchula. Ankamukonda, koma akamva za mapepala ankati tikuimbirani. Foni sinkalira. Ine chakudya chinasiya kutsika. Ndinkakhala pawindo kuyang'ana njerwa za nyumba ya patsogolo, zakuda ndi utsi wakale, ndikuganiza kuti mwana ndinamulera ndi kachewere uja andichoka chifukwa anthu awiri akuluakulu asowa wowakhazika pansi.

Ndinapita kwa bambo ena a ku Dedza, akulu ampingo ku tchalitchi chathu chimene timasonkhana m'holo ya sukulu. Amagwira ntchito yonyamula makatoni kosungira katundu, koma mabanja a Amalawi amene awayanjanitsa kuno ndi ambiri, mpaka ku Hull amawaitana.

"Amayi," anatero, akukanda kumutu, "azungu unkhoswe saudziwa."

"Ndi chifukwa chake akusiyana."

"Akatiseka."

"Akaseke. Inu munayanjanitsa aja anaponyerana ayironi yotentha, mukanike awa ongokangana za msonkho?"

Anaseka, napukusa mutu, koma Lachitatu anafika atavala suti yawo ya maukwati. Ine ndinali nditagula nkhuku yolimba ija kwa amwenye, yofanana ndi yachikuda, ndi kuiphika bwinobwino. Kwathu mlandu wa banja ukatha, mbali zonse zimadya nkhuku imodzi, kuti amene wanyambita zala ndi mnzake asakayambirenso. Mwana wanga wamkazi sindinamuuze, mnyamatanso sindinamuuze. Poto ndinamukulunga m'chitenje, tinakwera basi.

Ku fakitale kunali zii. Kale lija phokoso la nyundo linkamveka uli pageti, tsopano unkamva njiwa padenga. Mtsikana wa pakhomo anayang'ana suti, nayang'ana poto, naimba foni. Anatulukira mnyamata wanga atavala ovololo, maso ali tong'o.

"Agogo! Mwandipha. Bambo, inunso mwalola zimenezi?"

"Ndakakamizidwa, mwana wanga," anatero akulu ampingo.

"Tiyeni ndikuperekezeni ku basi anthu asanaone."

"Sindinabwerere iwe, amuna anga. Ndabwerera eni banja."

Tikukanganabe, nkhalamba ija inatsika masitepe. Inali itaonda, kolala ya malaya ikuzungulira khosi. Inandiyang'ana, nkuloza kumutu kwanga, nkuonetsa ndi dzanja chinthu chikuuluka. Inandikumbuka. Inatitengera kuchipinda chodyera antchito, matebulo ambiri opanda anthu, nitikhazika.

Akulu ampingo anavula chipewa, naomba m'manja mwaulemu, nanena m'Chingerezi kuti ndife ndani ndipo tadzeranji. Ine ndinakoka mpando wina ndi kuuika pafupi ndi nkhalamba, ndinati aitane a tsidya lina adzakhale apa. Anandiuza kuti anachoka kale mwezi wathawo. Kunatsala foni yokha. Mpando uja unangokhala choncho.

Ndinalankhulabe. Ndinati bambo, kwathu njala ikalowa m'nyumba anthu sathamangira kugawana mbale, amadya gaga limodzi mpaka mvula ibwere. Ndinati keke munadula tikuona, mboni ndife. Ndinati ana alipo, si awa avala maovololo, si amayi aja osoka mipando, mukasiyana apita kuti? Ndinati ngati munalakwa pitani mukapepese, kupepesa sikuthyola msana. Mnyamata wanga ndiye ankamasulira, thukuta lili kamukamu. Mawu anga aatali, ake aafupi. Ndinkadziwa kuti akundidula, koma ndinapitiriza.

Nkhalamba sinaseke. Inamvetsera mpaka ndinamaliza, manja ili nawo patebulo, manja a zipsera ngati a mmisiri. Kenaka inayankha, ndipo apa mnyamata anamasulira bwino. Inati yawoloka nyanja kangapo kukapempha, ndipo ulendo womaliza anaikhazika pakhonde tsiku lonse, bwana watsopano osatuluka. Inati fakitale imeneyi anaimanga ndi agogo ake, ndipo iyo ndi imene idzatseke geti.

"Afunse, tsiku logwirizana lija ankhoswe anali ndani?"

Anafunsa. Nkhalamba inamwetulira pang'ono. "Maloya."

"Ndiye aitaneni maloyawo akukhazikeni pansi."

"Akuti ndi omwewo akugawa katundu, agogo."

Ndinamasula chitenje, ndinavundukula poto, chifukwa nkhuku yophikira mlandu sibwerera kunyumba. Nkhalamba inatenga ntchafu ndi zala, nidya, mano akulimbana ndi nyama yolimba, msuzi ukutsikira pachibwano. Itatha inapukuta manja, nkuika dzanja paphewa la mnyamata wanga, nkulankhula nthawi yaitali ikuyang'ana ine m'maso. Mnyamata anayang'ana pansi.

"Akuti chiyani?"

"Akuti zikomo, nkhuku yakoma."

Akulu ampingo anatsokomola, navala chipewa.

Tinakwera basi, ine ndi akulu ampingo. Ndinawagunda ndi ndodo pa nsapato. "Bambo, Chingerezi sindichimva, koma nkhuku sikoma mawu ochuluka chonchija."

Anapuma mozama. "Amayi, bwana uja sananene za nkhuku. Akuti a tsidya lina akutenga injini zawo, zojambula zawo, ndi antchito ochepa amene awasankha okha. Mnyamata wanu ali m'gulu limenelo. Ntchito ilipo, mapepala a dziko la uko amukonzera. Anamuuza kalekale koma sakuyankha, ndipo atopa kudikira. Bwana akupempha inu kuti mumuuze avomere, chifukwa kuno kulibe chotsala."

Poto anali pamiyendo panga, wopepuka. Ndinayang'ana pawindo, sindinaone kanthu. Ndinapita kukaletsa ukwati kutha, ndinabwerako nditauzidwa kuti mwana wagawidwa kale, wagwera mbali ya kutsidya.

Lamulungu tikuchokera ku tchalitchi ndinamuuza mnyamata kuti tisakwere basi, tiyende. Tinakhala pa benchi pafupi ndi ngalande ina ya madzi akuda, mphepo ikulowa m'mafupa.

"Unandibisiranji?"

Anayang'ana manja ake. "Ndikapita, inu simungawoloke. Ine kuti ndibwere kuno ndiyenera kupempha viza ngati mlendo, ndipo sindikudziwa ngati adzandipatse. Mukadzadwala usiku, ndidzamva pafoni. Jakisoni azikubayani ndani? Amayi aang'ono amabwera atatopa."

"Ukakana?"

"Ndifunabe kuno."

"Wafuna miyezi yonseyi, wapeza?"

Anapukusa mutu.

"Ukapanda kupeza?"

"Ndibwerera ku Lizulu."

"Ndiye ku Lizuluko ndikakuona?"

Analira, mnyamata wa ndevu, analira ngati tsiku lija anagwa mu mtengo wa mapichesi. Ine ndinayang'ana njira zonse ziwiri, iyi ya kutsidya, iyi ya kumudzi, ndipo zonse zinali zochoka kwa ine. Panalibe yachitatu. Ndinaifuna m'mutu, ndinaifuna m'pemphero, panalibe. Imodzi yokha inali ndi ntchito ya manja ake.

"Mukanena kuti ndisapite, sindipita," anatero.

Pakamwa panga mawu amenewo analipo, anali okonzeka, anali otentha. Ndinawameza. Ndinamumenya ndi ndodo pabondo.

"Amuna anga, ndakusudzulani. Mwandikwana. Mumadya kwambiri, mumaliza nkonono, nsapato zanu zimanunkha. Mawa m'mawa mukawauze anthuwo kuti mwavomera."

"Agogo..."

"Ndati mawa. Ndipo undiphunzitse kudzibaya ndekha."

Anandiphunzitsa pa lalanje. Ndinabaya malalanje ambiri ndisanalimbe mtima kubaya mimba yanga.

Fakitale inatseka masamba akuyoyoka m'mitengo. Dzina la kagalimoto kaja anatenga a tsidya lina, koma sanapangenso ngakhale kamodzi, mnyamata wanga anamuika ku galimoto zonyamulira ana ku sukulu. Nyumba ya fakitale tsopano amasungiramo makatoni, akulu ampingo anagwirako ganyu, akuti pansi pakuonekabe mizere yachikasu pamene pankaima timagalimoto. Nkhalamba ndinamva kuti inadwala, sindidziwa ngati ilipo. Pasipoti yanga ikadali ku ofesi. Mnyamata viza yodzandiona anapempha, anamuuza kuti ayesenso. Anakwatira komweko mtsikana wa ku Zambia, ndipo ali ndi khanda limene ndimaliona pagalasi la foni, ndimaliimbira, limagwira galasi, ine ndimagwira galasi. Akuti sitima ya ku Hull imangogona usiku umodzi pamadzi. Tsiku lina mwana wanga wamkazi ananditengera ku Hull komweko kuti ndikaone. Ndinaona madzi ofiirira ngati a m'dambo, ndi sitima yaikulu ngati chipatala. Ndinapempha kuti tizibwerera.

Koma mnyamata asananyamuke tinamuchitira phwando m'holo ya sukulu ija. Kwa ife kuno munthu akapeza ntchito ndi mapepala, kaya ndi a dziko liti, timasangalala, chifukwa ambiri timawaperekeza opanda kanthu m'manja. Anthu ankandigwira chanza, amayi mwawina, amayi Mulungu wakuonani. Ndinati ee, wandiona. Ndinavala chitenje chatsopano, ndinavina ndi miyendo yotupa yomweyi, ndinavina mpaka amake aang'ono anandikhazika pansi mokakamiza, ndipo nditakhala ndinayang'ana pakhomo, anthu akulowabe, akulowabe.

Anabwera akulu ampingo a ku Dedza ndi suti yawo, ndi mayi a kunyumba kwawo atasenza mandasi. Anabwera anamwino awiri a ku Hull, wa ku Zomba ndi wa ku Mzimba, atangoweruka, maso ofiira. Anabwera anzake a sukulu a ku Manchester, odzaza galimoto, olankhula Chichewa chosakaniza. Anabwera mayi a ku Chipata oluka tsitsi, ndi ana awo oyankha m'Chingerezi. Anabwera abusa, anabwera amayi a chigwirizano ndi mayunifolomu awo, anabwera bambo aja a ku Nkhotakota amene adikira yankho la ku ofesi nthawi yaitali kuposa ine, ndipo anavina kuposa tonse. Anabwera aja anaponyerana ayironi, atagwirana manja. Anabwera mwenye wa nkhuku, sitinamuitane, anangomva. Anabwera mtsikana wa pakhomo pa fakitale. Anabweranso amayi awiri achizungu osoka mipando, amene ntchito inawathera ndipo tsidya lina sanawasankhe, anakhala pakona ndi mbale zawo pamiyendo, akuomba m'manja mosemphana ndi ng'oma.